Tinaika Thunthu la Nthochi

Mwana wanga wachisamba ankaphika m'sitima ya pamadzi yonyamula katundu. Ntchitoyo anaipeza ali ku Joni, ndipo pa foni ankandiuza kuti sitimayo ndi yaikulu kuposa msika wa ku Limbe. Ine ndinkangovomera. Nyanja ya mchere sindinaionepo.

Uthenga unandipeza m'mawa ndikuchapa pa mpopi kuno ku Chirimba. Anaimba foni ndi bambo wolankhula Chingerezi chothamanga, ndiye foniyo ndinapita nayo kwa amayi oyandikana nawo nyumba, amene amagwira ntchito mu ofesi m'tauni. Atamvetsera anakhala pansi pakhonde. Anati sitimayo yaphulitsidwa mwadzidzidzi ndi anthu a nkhondo, ndipo mwa amene sanapezeke muli mwana wanga.

"Nkhondo yake iti?" ndinafunsa. "Iyeyutu si msilikali. Amasenda mbatata."

Anatchula mayiko angapo. Mpaka lero sindidziwa kuti ankamenyana ndani ndi ndani.

Anthu anasonkhana, amayi a kutchalitchi anaimba, koma bokosi panalibe. Mchimwene wanga anati tiike m'manda thunthu la nthochi, monga ankachitira makolo munthu akapita ndi madzi. Ine ndinakana. Ndinati nanga akatulukira mawa, adzapeze tamukwirira? Anthu anabalalika osadziwa ngati akuchokera kumaliro kapena kumsonkhano.

Amene anavutika ndi mpongozi wanga, mtsikana wa ku Thyolo amene ndinkakhala naye. Popanda maliro sakanasudzulidwa kuti abwerere kwawo. Sanali namfedwa, sanalinso wapabanja. Dzinja linadutsa, lina n'kubweranso, iye akungondiphikira.

Tsiku lina amayi a mu ofesi aja anandionetsa kanema pa foni. Anthu akunja ataima m'boti akuponya maluwa m'madzi, wina akuwerenga mayina a omwalira. Mayina achilendo, a anthu amene ankadya zophika mwana wanga. Kenako ndinamva lake. Mutu unaima. Ndiye kuti iwowo anamuika kale, ine mayi wake osadziwa? Nanga amayi a enawo anakwirira chiyani kwawoko? Kapena kwawoko maluwa ndi okwanira?

Madzulo ake mpongozi anagwada pakhomo la chipinda changa.

"Amayi, kwathu akufunsa. Ndiwayankhe chiyani?"

"Inuyo mukuona bwanji?"

"Ndimaona ngati inu nomwe. Koma ndatopa ndi kudzidzimuka foni ikalira."

Ndinatumiza mawu kwa mchimwene wanga. Nthochi anakadula ku Chigumula, kwa msuweni wathu. Ndinaikulunga ndekha m'nsalu yatsopano, pamodzi ndi malaya amene mwanayo anasiya, n'kuiika m'bokosi. Abusa anati iwo apemphera, koma za nthochizo sazidziwa. Adzukulu okumba manda anafunsa ngati akumbe mozama ngati a munthu. Onse anayang'ana ine, ndipo ndinati akumbe.

Bokosi likutsika ndinkadikira kuti ndilira. Misozi sinabwere. Analira ndi mpongozi, kulira kwenikweni, mpaka anzake anamugwira.

Akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi n'kumusudzula. Ndinamuperekeza kokwerera minibasi, katundu wake ndinamusenzera ine. Pano anakwatiwanso, ndipo akabwera m'tauni amanditengera mapeyala.

Kumandako ndimapita kukalambula udzu ukakula. Ndikamaliza ndimaima pang'ono, koma sindidziwa ngati pali woti ndimutsanzike.