Anasankha ana anga ngati fodya

Abale anga, nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu, inandigwera ineyo, ndipo Mulungu ndi mboni, ndiname kuti ndipindulenji mayi wamkulu ngati ine? Maina sinditchula, poti ena mwa eni nkhaniyi timapatsanabe moni pamsika mpaka lero.

Ndili ndi ana amapasa, onse aamuna. Wamkulu, ndiye kuti amene anayamba kutuluka, ankalankhula kuposa ine ndi inu, chilichonse chimene wamva pa wailesi ankachibwereza osaphonya liwu. Wamng'ono chibadwire sanatchulepo ngakhale kuti amayi, amangogwedeza thupi uku akung'ung'uza kanyimbo kake kamodzimodzi. Ali aang'ono kunabwera anthu ochokera kuboma pa chipatala chathu chaching'ono, anawayeza nkutiuza kuti onse awiri ali ndi chimene amati otizimu, si kulodzedwa ayi, ndi mmene anabadwira. Apo ndinathokoza, chifukwa nkhuku zinali zitathera kwa asing'anga. Koma anawonjezera mawu ena achizungu, womasulira nkuti akutanthauza kuti wamkuluyu zake nzopepuka, adzadziyimira payekha, musamudere nkhawa, koma wamng'onoyu zake nzolemera, palibe chimene akuzindikira, muzingomusamala basi. Ine ndinangoona ngati tili m'chigafa tikusankha fodya, tsamba ili giredi yabwino, ili lotaya. Koma munthu wolekezera sitandade folo ungatsutsane ndi adokotala?

Mawu aja anayenda mudzi wonse. Wamkulu akayamba kukuwa chifukwa cha phokoso la chigayo, anthu ankati ndi mwano chabe, si paja anati ameneyu ali bwino? Kusukulu ankamukwapula. Iye phokoso likamukulira ankathawira m'chigafa, nkudzifunditsa kumutu chiguduli chimene timakutira mabelo, nkukhala chete mpaka mtima utatsika.

Tsono chaka china cha makuponi, anawo atayamba kumera tindevu, feteleza anachedwa kwambiri, mitambo itayamba kale kuda. Kunamveka kuti lole yatsitsa matumba kudepoti. Bambo awo anali kudambo kuthirira nazale, ndiye anati nditenge wamkulu akandithandize kukankha njinga. Nditatchula za phokoso anandiseka, amvekere amake mapasa, mudzam'bereka kumbuyo mpaka liti mnyamata woti zake nzopepuka? Wamng'ono ndinamusiya ndi alamu anga, ife nkunyamuka.

Anthu amene tinawapeza kumeneko, inu! Dzuwa lili ng'a, fumbi, ena atagona pamzere pomwepo. Poyamba zinali bwino ndithu. Kumbuyo kwathu kunali abambo ena a chipewa cha mlaza, mwana wanga nkuyamba kuwalakatulira mitengo ya fodya ku okushoni monga anamvera pa wailesi, iwo kuseka mpaka misozi, akuti mayi mwabereka phungu apa. Kenaka kunadutsa mphekesera yoti matumba atsala ochepa. Mzere unasweka, mavenda kulumpha mpanda, alonda kutulutsa zikwapu, wina nkuyamba kukuwa pa chimkuzamawu pafupi penipeni ndi khutu la mwana wanga. Ndinamuona akutseka makutu, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka. Ndinamugwira malaya, malaya nkung'ambika, iye uyo waliyatsa. Anakafika pamene anthu anayedzeka njinga, anasolola thumba lopanda kanthu pa kaliyala ya munthu, njinga zonse gwa, iye kudzifunditsa thumba lija kumutu nkumathamanga osaona kumene akupita.

Wina anangoti wakubaa!

Mukudziwa inu anthu anjala, oti aima kuyambira m'mawa ndipo akuona kuti abwerera chimanjamanja. Mkwiyo wonse wa feteleza unathera pa mwana wanga. Mmene ndimafika anali ali pansi, thumba likadali kumutu, magazi akudonthera m'fumbi. Ankamufunsa dzina, kwawo, amene wamutuma, iye zii. Mwana woti posachedwapa amaseketsa mzere wonse, liwu linamuthawa ngati mng'ono wake. Ndinakuwa kuti musiyeni ndi wodwala, ndi mwana wanga. Amene ananditsutsa anali abambo a chipewa aja. Anati mayi musatipusitse, ine ndinali naye mnyamatayu, wodwala wake uti wodziwa mitengo ya ku okushoni? Wina amvekere mbava zonse zikagwidwa zimameza lilime, timuthandize kulilavula. Ndikucheuka ndinaona mnyamata akugubuduza tayala, mnzake akupempha petulo kwa wa njinga yamoto. Tayala, abale anga, chifukwa cha thumba lopanda kanthu!

Chimene ndinachita, amayi anzanga mundimvetsa. Ndinamugonera pamwamba, kenaka ndinadzuka nkuvula bulauzi pamaso pa amuna onse aja, ndinawauza kuti mabere awa ndi amene anayamwa mwana ameneyu, tsono amene sanayamwe kwa mayi wake abwere ndi machesi, ayambe ndi ine. Amuna anayamba kuyang'ana kumbali. Amayi ena achikulire, sindiwadziwa nkomwe, anatizungulira ndi zitenje zawo uku akutukwana anyamata aja kuti ana opanda mwambo. Nthawi yomweyo kunamveka kuti geti la depoti latsegulidwa, gulu lonse nkuthamangira komweko, tayala kulisiya lili gone pambali pathu.

Kuchipatala anamusoka, tinafika kunyumba pa ngolo dzuwa litapendeka. Bambo ake atamuona anangokhala pansi. Alamu anga kulira, anansi kudzaza bwalo, aliyense kufunsa mafunso, wailesi nayo ikulira pakhonde, mwana akunjenjemera ngati wa malungo, ife akuluakulu osadziwa chochita. Wamng'ono, uja anati sazindikira kanthu, anamuyang'ana mbale wake kamodzi kokha. Anadzuka, anakazimitsa wailesi, analowa m'chigafa nkutuluka ndi chiguduli chomwe chija. Anamukoka dzanja kulowa naye m'nyumba, anamufunditsa, anatikankhira panja tonse amene tinawatsatira, ndi ine ndemwe, nkutseka chitseko. Nditasuzumira pazenera ndinawaona atatsamirana misana, wamng'ono akung'ung'uza kanyimbo kake, kunjenjemera kuja kukutha pang'onopang'ono. Ndani anamuphunzitsa? Ankaona zonse zaka zonsezi, ife tikumukamba pamaso pake ngati mtondo.

Feteleza chaka chimenecho sitinagule. Wamkulu khutu limodzi silimvanso, salankhula kawirikawiri, ndipo pamsika sanapondeponso. Anthu tsopano akuti onse awiri zawo nzolemera, wamkulu uja amusinthira giredi.

Ine sukulu ndilibe, koma chimene ndimakhulupirira lero nchakuti mawu aja anandipwetekera ana onse awiri. Wina anamumana chisamaliro poti amalankhula, wina anamumana ulemu poti salankhula. Sindikuti adokotala ananama dala, anawaona m'chipinda chabata, m'mawa umodzi, koma munthu wa m'chipinda chabata si yemweyo wa pamzere wa makuponi. Tsono inu amene muli ndi mwana wotere, akakuuzani kuti zake nzopepuka, muwafunse kuti nzopepuka kwa yani, ndiponso pamalo pati. Ndipo mukadzaona munthu watseka makutu pagulu akuthawa, musathamangire kukuwa wakuba, mwina mayi wake sakhala pafupi kuti avule.