Mwendo Umodzi pa Chopondera

Achimwene anga a Fabião sanabadwe mmisiri wa matabwa, ndipo aliyense wokuuzani kuti anali ndi dzanja laluso kuyambira ali mwana akukunamizani. Ine ndine Natália, mlongo wawo wamng'ono, ndinakula nawo. Munthu uja ngakhale mpini wa khasu ankachita kukapempha ena kuti awasemere. Chimene ankadziwa ndi ng'ombe ndi mbatata ya kachewere. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Furancungo, munda wa kachewere wooneka bwino unali wawo, ndipo ng'ombe zimene anatisiyira bambo ankaziitana mayina ngati ana.

Nkhondo itafika m'boma lathu la Macanga inayambira kukhola. Anthu a mfuti anabwera dzuwa likuswa mtengo, n'kuzikusa zonse. Mawa lake achimwene anatsatira mapazi a ng'ombezo, ati mwina ina yatsalira m'njira. Ng'ombe sanaipeze. Anaponda bomba lokwiriridwa panjira ya kudambo, ndipo ku chipatala cha ku Furancungo anabwerako ndi mwendo wakumanzere wokha, winawo utathera pamwamba pa bondo.

Kuyambira pamenepo anangokhala pakhonde, maso ali kukhola lopanda kanthu. Ukawapatsa moni ankayankha ngati ukuwalanda chinthu. Tonse tinali titatopa. Masana kumunda, kukamveka mfuti kuthengo, kukakhala bata kubwerera kudzaona chimene chatsala. Kudandaulira munthu mmodzi mphamvu zake tinalibe.

Akazi awo, alamu anga a Guilhermina, anali telala. Kwawo kunali ku Ntengo-Wambalame, ku Tsangano, ndipo pobwera kwathu anadza ndi makina osokera opondera ndi phazi. Koma nsalu zinali zitatha m'masitolo, ulusi osaoneka, ena atayamba kuvala masaka. Makina aja anangokhala pakona atafundidwa, nkhuku zikuikira pansi pake.

Amene anadzutsa makinawo ndi a Pedro, nkhalamba yomwe kale inkapala matabwa ku mishoni. Anachotsa mutu wa makina, n'kumangapo timikono tiwiri tamtengo, ndipo pakati pa timikonoto anakunga kasowo kopyapyala ngati udzu. Ukaponda chopondera, kasowo kaja kankakwera ndi kutsika m'malo mwa singano, n'kumadula thabwa mokhota mmene ukufunira. Timasowo tina anatisiya m'kapepala kamafuta.

"Timeneti tikatha, tatha," anatero a Pedro. "Kulibe kokagula. Mano aziloza pansi, Fabião. Thabwa uzilipanikiza, apo ayi lidumpha. Ndipo usakankhe. Devagar, pang'onopang'ono. Kasowo kazidya kokha, iwe ntchito yako n'kutembenuza thabwa basi."

Sanakhalitse a Pedro. Mvula isanagwe anathawira ku Malawi, n'kutisiya ndi makina ndi munthu wosadziwa kusema mpini.

Tsiku loyamba achimwene anakhala pampando n'kuponda ndi mwendo wawo umodziwo. Popeza panalibe wina wotsamira, thupi linapendekeka, thabwa linadumpha, kasowo n'kuti thyo! Anatukwana makina, anatukwana a Pedro, anatukwananso nkhuku yomwe inangodutsa. A Guilhermina anakoka mpando wina, anakhala pambali pawo, n'kuika phazi lawo pa chopondera.

"Inu gwirani thabwa, abambo a Glória. Kuponda ndiponda ine."

Umo ndi mmene anayambira, manja a mwamuna, phazi la mkazi. Musaganize kuti zinali zokoma kuonerera. Wina akuti mukufulumira, wina akuti ndinu mukukankha. Anayamba ndi timatabwa ta mabokosi a sopo, kujambulapo mzere ndi khala n'kumayesa kuutsatira. Chipeso choyamba chimene anadula chinali ndi mano ngati a gogo, lina lalitali, lina kulibe. Ndinawauza kuti chimenechi n'chopesera mbuzi. Achimwene anandigenda ndi chidutswa cha thabwa, ndipo ndinasangalala, chifukwa chichokereni kuchipatala kanali koyamba kuti achite kanthu mwamphamvu.

Pang'ono ndi pang'ono manja anazolowera. Anaphunzira kuti pokhota umachepetsa liwiro, ndiponso kuti ukafuna kudula pakati pa thabwa umayamba waboola kabowo ndi msomali wamoto, n'kulowetsamo kasowo. Zipeso zinayamba kufanana ndi zipeso. Zinthu zazing'ono ngati zimenezi m'masitolo munalibe, ndiye anthu ankabwera. Anamwino a Adelaide a ku Furancungo ankasinthanitsa ndi mchere, ena ndi kachidutswa ka sopo. Kenako anayamba kudula mabatani, ndi timitanda toika pamanda. Timitandato ndi timene tinkayenda malonda kuposa zonse, koma achimwene sankakonda kutidula.

Banja linkadya, koma mtima wa a Guilhermina sunali pansi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Glória, anali atatha msinkhu, ndipo aliyense ankadziwa chimene anthu a mfuti ankachita akapeza atsikana otere. Mlongo wawo wa alamu, a Custódio, anabwera kuchokera ku Tsangano kudzanena kuti abale awo onse awolokera ku Malawi, ndipo njira yam'tchire akuidziwa. Koma inali njira ya masiku, yamapiri, yoti pena uthamange. Munthu wa ndodo ndi mwendo umodzi akanangophetsa anzake. Zimenezi achimwene ankazidziwa, panalibe wofunika kuwauza.

"Mukaphunzira kuponda nokha, ine ndiperekeze mwana," anatero a Guilhermina. "Sindingakusiyeni mulibe podyera."

Anawasokera lamba wa saka womangira m'chiuno ku mpando kuti asamapendekeke. Anawasonyeza kuponda kwa atelala, chidendene kenako zala, osati kumenya ngati ukupha njoka. Koma nthawi iliyonse achimwene akayesa okha, kasowo kankathyoka.

"Mwaona? Sindingathe, amayi a Glória. Mwendo umodzi si mwendo."

A Guilhermina ankangotola zidutswa, n'kukhalanso pampando wawo. A Custódio anabwera, anabwerera okha. Anabweranso, anabwereranso okha. Kapepala kamafuta kaja kanayamba kupepuka.

Tsiku lina ndinachokera kumtsinje msanga, alamu ndi Glória ali kumunda wa nyemba. Ndili patali ndinamva makina akulira bwinobwino, osadodoma. Ndinati kani alamu abwerako kale. Nditasuzumira pakhomo ndinapeza achimwene ali okha, lamba m'chiuno, phazi likuyenda ngati anabadwira pomwepo, thabwa likuzungulira m'manja mwawo, utuchi uli mbuu pantchafu. Atandiona, phazi linaima.

"Kani mumatha?" ndinatero. "Ndiye timasowo tija mumathyola dala?"

"Usakanene, Natália."

"Mwana uja akadzatengedwa, mudzati chiyani? Mudzamudulira kamtanda?"

Mawu amenewo anali oipa, koma ndinali nditapsa mtima.

"Alamu ako akapita sabweranso," anatero achimwene. "Ng'ombe zinapita, mwendo unapita. Ndatsala ndi iwowa basi. Akamaponda amakhala pafupi nane, ndimamva ndi kupuma kwawo komwe."

Ndinawakwiyira, ndinawamveranso chisoni, ndipo zonse ziwiri zinanditopetsa. Ndinatula ndowa yanga n'kukasonkha moto.

Sipanatenge nthawi, anthu a mfuti anapeza atsikana pachitsime cha mudzi woyandikana nafe. Mmodzi mwa otengedwawo anali mwana wa a Marcelina, mnzake wa Glória wa ponda apa nane ndipondepo. Glória anapulumuka chifukwa tsiku limenelo ankadwala mutu. A Marcelina anadutsa pakhomo pathu akulira, manja ali kumutu, ndipo achimwene anawaona ali pakhonde.

Masana omwewo anaitana akazi awo. Anadzimanga lamba, anaika phazi pa chopondera, n'kudula batani lozungulira bwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, akaziwo akuona.

"Pronto, zatheka. Ndaphunzira. Tumizani mawu kwa a Custódio."

A Guilhermina anatola batani lija, analitembenuza, n'kungoti, "Chabwino." Sanadabwe, sanayamikire. Ndinaganiza kuti ndi kutopa.

Tsiku loti mawa anyamuka, alamu anapita kukatsanzika kwa anzawo a kutchalitchi. M'kapepala muja munalibenso kanthu, kasowo komaliza ndi komwe kanali pamakina. Achimwene anatulutsa kathabwa ka mlombwa komwe ankasunga, ati amudulire Glória chipeso choti apite nacho. Mlombwa si bokosi la sopo, ndi wolimba, umafuna kuleza mtima. Koma iwo ankafuna amalize akazi awo asanabwere. Ndinawaona akukankha. Ndisanatsegule pakamwa, kasowo kanati thyo!

Ulendo uno sikunali dala. Manja awo anali akadali pathabwa, ndipo ndinaona nkhope ya munthu amene wadzitchera yekha msampha. Timasowo tonse timene anathyola kuti mkazi asachoke tinali titapita, ndipo tsopano mkaziyo akuchoka, podyera palibe.

"Alamu ako akadziwa kuti kathyoka sapita," anatero. "Ndiye utseke pakamwa, wamva?"

Mano otsala a chipeso anamalizira ndi mpeni, n'kufunda makina ndi saka.

Kutacha a Custódio anali atafika. Katundu sanali wambiri, kamtolo ka ufa, poto, bulangete. Achimwene anamupatsa Glória chipeso chija, mbali ina yosalala, mbali ina yokhakhala. Kutsanzikana sikunatalike. Anati ali ndi ntchito yambiri, anamwino akudikira zipeso zawo, ndipo anakwawira pampando wawo anthu asanatuluke n'komwe pabwalo.

Ine ndinawaperekeza mpaka kumtsinje. Tikutsetsereka, kumbuyo kwathu makina anayamba kulira. Ankalira mwamphamvu, mosadukiza, kuti mudzi wonse umve kuti a Fabião ali pantchito. Glória anamwetulira misozi ili m'maso, n'kunena kuti, "Tamvani ababa." Ine ndinangoyang'ana kutsogolo.

Pamtsinje a Guilhermina anauza a Custódio ndi mwana kuti atsogole. Anaima n'kutchera khutu.

"Mulibe kasowo mmenemo," anatero.

"Alamu..."

"Makina aja ndaponda ine kuyambira ndili mtsikana, Natália. Akamadya thabwa ndimadziwa, akamalira chabe ndimadziwa. Ndipo kumunda wa nyemba kuja amamveka bwino lomwe. Mumayesa ine sindinkamva?"

Anamasula mfundo ya mpango wawo wakumutu n'kusolola kasowo katsopano, kokulungidwa m'kansanza.

"Nditaona kuti ayamba kuthyola dala, ndinabisa kamodzi. Mukawapatse. Muwauze kuti asakankhe."

Anandigwira dzanja, n'kuwoloka. Sanacheuke, ndipo sindinawaimbe mlandu, chifukwa akanacheuka sakanapita.

Nditabwerera ndinapeza achimwene akupondabe. Thukuta linali litanyowetsa malaya, mwendo ukunjenjemera, timikono tamtengo tikukwera ndi kutsika popanda chodula.

"Amva?" anafunsa osandiyang'ana.

"Amva."

Ndinaika kansanza kaja patsogolo pawo n'kukafunyulula. Phazi linaima. Anakayang'ana kasowo kaja, anandiyang'ana ine, ndipo sanafunse kuti kachokera kuti. Anaphimba nkhope ndi manja odzaza utuchi. Bomba litawadula mwendo sindinawaone akulira, koma tsiku limenelo analira mpaka ndinatuluka panja kuwasiya.

Zaka zotsala za nkhondo tinakhala awiri, ine kumunda, iwo pamakina. Kukamveka mfuti ndinkawakokera kuthengo, kukakhala bata ankabwerera pampando wawo. Sankalankhula zambiri. Ankadula pang'onopang'ono moti ogula ankadandaula, koma iwo analibe nazo ntchito.

Nkhondo itatha Glória anabwera ndi mwana kumsana, chipeso cha mlombwa chili m'tsitsi. Anabwera popanda a Guilhermina. Mayi akewo anawaika m'manda kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, atadwala m'mimba chaka chachiwiri chifikireni. Achimwene atamva zonsezo anamasula kasowo pamakina n'kumusonyeza mwana wawo. Kanali komwe kaja. Mano anali atatha, kutangotsala kawaya kosalala, koma sikanathyoke.