Thangata pa matope a ku Kachulu

Mvula ya lero yanunkhitsa matope, ndipo ndakumbukira chaka chimene madzi a Chilwa anaphwa, n'kusiya nthaka yong'ambikang'ambika ku Kachulu. Ndinali sitandade faifi. Aphunzitsi anali atangotifotokozera za thangata: kale azungu ankatenga malo, ndipo wokhalapo ankalipira powagwirira ntchito.

Ine chimene ndinatolapo n'chakuti mwini malo satuluka thukuta.

Loweruka ndinazika ndodo zinayi m'matopemo n'kuitana azing'ono anga awiri. "Malo ano ndawaika pa thangata. Wofuna kusewera pano azitunga madzi a kunyumba m'malo mwanga."

Wotsiriza uja analira, koma ndowa anasenza. Masiku atatu ndinali bwana, kumangoloza ndi chala.

Tsiku lachinayi amayi anandipeza nditakhala pamthunzi. Anagwada mwaulemu.

"Bwana, pepani. Kodi inu mumadya ndi kugona pa malo a ndani?"

"Anu, amayi."

"Zaka zingati?"

"Khumi ndi chimodzi."

Anandisenzetsa ndowa yathu yaikulu. Ndili panjira ya kumjigo, dzuwa likuwotcha kumapazi, azing'ono anga ankanditsatira akuvina: "Fulumirani, bwana, madzi akudikira!"