Dzanja limodzi la a Nangozo

Dzulo mdzukulu wanga Tadala anandipeza ndikusenda kachewere. "Agogo, aphunzitsi akuti dziko likhoza kuika lamulo loti wozunza anthu wamba pankhondo azengedwe mlandu, ngakhale papite zaka." Ndinaika mpeni pansi.

Ndili mwana, othawa nkhondo ku Mozambique anadzaza m'mudzi mwathu ku Lobi. Mayi wina, a Nangozo, ankabwera kudzapempha mchere. Ankalandira ndi dzanja limodzi, linalo lili m'chitenje. Ine ndikalandira choncho ndinkakwapulidwa, ndiye zinandinyansa.

"Amayi, munthu wamkulu mwano chonchi, bwanji simuwakalipira?" ndinafunsa amayi anga.

Amayi anandiwomba khofi mpaka khutu linalira.

Tsiku lina tili pamzere wolandirira ufa, mphepo ya m'phiri inavundukula chitenje chija. Dzanja panalibe, mkono unathera pachigongono.

"Munadzitema powaza nkhuni?" ndinafunsa.

"Anandidula ndi uyo, mwanawe," anatero, akuloza ndi mlomo bambo wina amene ankaseka kutsogolo kwa mzere.

Nkhondo itatha, bamboyo sanabwerere kwawo ku Mozambique. Anakwatira konkuno, wakalamba akugulitsa tomato pa Chimbiya, ndipo Lamulungu amakhala pabenchi lakutsogolo kutchalitchi. A Nangozo tinawaika m'manda kalekale. Zonsezi ndinamuuza Tadala.

"Ndiye tikanene, agogo!"

"Tikanene kwa yani? Kwa omwewo amamupatsa moni ndi manja awiri? Mboni akaifukula?"

Lamulolo alembe, ine ndidzakhulupirira ndikadzaona unyolo. Mpaka lero, amene analangidwa chifukwa cha dzanja lija ndine ndekha.