Mkono wa Diresi Unandiulula

Anzanga, munthu ameneyu ndinakumana naye chifukwa cha zipi.

Ine ndimaluka tsitsi pa saluni. Tsiku lina zipi ya siketi yanga inaphulika kasitomala ali pampando, ndiye ndinathamangira kwa telala wa pakhonde la shopu yoyandikana nafe, nditadzikulunga thaulo m'chiuno.

"Atelala, chonde, five minutes yokha!"

"Asisi, zipi iyi yamwalira. Mukufuna ndiukitse akufa?"

"Ngati simutha nenani."

Anaseka, n'kusokerera ina. Kuyambira tsikulo iye ankanditchula Kasitomala Wovuta, ine ndinkamutchula Atelala, ndipo ngakhale titayamba chibwenzi mayinawo sanasinthe.

Patatha chaka ndinamva kachotupa m'bere lamanzere. Kuchipatala anati ndi khansa, berelo lichotsedwe. Zaka 28 zokha, anzanga...

Nditamuuza ndinati, "Ngati ukufuna kupita, pita pano."

"Ndipite kuti? Ndikupempha chinthu chimodzi basi. Mayi anga anabisa chilonda chaka chathunthu, tikafunsa ankangoti 'ndili bwino.' Tinadziwa mochedwa. Iwe zikamapweteka uzinena."

Ndinalonjeza.

Madokotala anachotsa bere, n'kuchotsanso tizotupa ta m'khwapa. Ndinatuluka ndi kachubu pambali pa bala, kotsitsira madzi m'kabotolo. Kabotoloko ndinkangokanyamula m'manja ngati mwana, ndikachita ngozi n'kukakoka ndinkakuwa. Atelala anatenga mabulauzi anga atatu n'kusokerera kathumba m'kati, koikamo kabotolo. Anesi atakaona anaitana anzawo kuti adzaone.

Balalo linapola, koma ululu sunathe. M'khwapa munali dzanzi, koma nthawi yomweyo mukuotcha. Nsalu ikangokhudza pachipsera zinkakhala ngati masingano. Penanso bere lomwe kulibelo linkayabwa, ndikande pati? Ndinkalira, iye n'kumandikumbatira mbali yakumanja yokha, mosamala.

Anesi anatichenjeza kuti mkono wamanzere ukhoza kutupa. "Muziuyeza sabata iliyonse. Ukangokula ndi inchi imodzi, kapena ukafiira, mubwere msanga. Ndipo musaulemetse ndi ntchito."

Atelala anati, "Zoyeza ndiye zanga zimenezo."

Lamlungu lililonse ankabwera ndi tepi m'khosi, n'kulemba nambala ndi choko kuseri kwa chitseko changa. 11. 11. 11.

Ndiye Lamlungu lina foni yake inalira ali pakati pondiyeza, n'kuiika pa loud. Anali mlongo wake, amene ankakonzekera ukwati.

"Achimwene, muli kwa odwala anu aja? Koma inu ndinu telala kapena nesi?"

Anadula msanga, koma ndinali nditamva kale. Mtima unandiwawa kuposa bala. Ndinaopa kuti tsiku lina naye adzatopa, adzayamba kundiona ngati bedi la m'chipatala.

Sabata yotsatira ndinamuuza kuti, "Ndatopa kuyezedwa ngati nsalu. Ndizidziyeza ndekha."

Anandipatsa tepi yake ina osatsutsa.

Ndinabwerera ku saluni mwakachetechete, kukaluka tsiku lonse mikono ili m'mwamba, kuti ndidzione ngati munthu. Mkono unayamba kulemera. Tepi inati 12, kenako 13. Ndinayamba kuvala majuzi akuluakulu, ndipo iye anali busy ndi zovala za ukwati, ankangobwera mothamanga.

"Kasitomala Wovuta, lero yati bwanji tepi?"

"11."

"Ululu?"

"Ndili bwino."

Masabata asanu ndikuyankha choncho, anzanga. Mawu omwe aja.

Kutatsala masiku atatu kuti ukwati uchitike, anabwera masana ndi pepala lapulasitiki, akumwetulira. Munali diresi labuluu la mikono yaitali, ndipo pachifuwa anasokererapo kansalu kofewa kuti mbali zonse zifanane, pachipsera pasakhule. Analisoka kuti ndikavale ku ukwatiwo, usanafike n'komwe mwambo woti andionetse kwa abale ake.

"Tavala tione."

Ndinavula juzi nditamufulatira. Mkono wamanja unalowa bwinobwino. Wamanzere unakakamira pachigongono. Ndinakoka, ulusi n'kulira.

Anayandikira n'kuugwira. Unali wofiira, ukutentha. Anachotsa tepi m'khosi n'kuyeza.

"13 ndi theka," anatero motsitsa. "Ine ndinadula pa 11 yako ija."

Tsiku lomwelo anandigoneka m'chipatala, drip masiku asanu ndi limodzi. Adokotala anati matenda analowa m'mkonomo, ndikanachedwa pang'ono akanafalikira m'magazi. Atelala ku ukwati wa mlongo wake sanapite. Ankakhala pa benchi pambali pa bedi, kundimwetsa madzi, koma nthabwala zinali zitatha.

Nditatuluka anabwera ndi diresi lija, atakulitsa mkono.

"Pepa," ndinatero. "Ndimaopa kuti undisiya."

"Za bere sindinadandaulepo ngakhale tsiku limodzi. Koma masabata asanu ukundiyang'ana m'maso, n'kumandiuza mawu a mayi anga? Panopa ukati uli bwino, mtima wanga umangothamanga. Sindingathe kukhalanso moyo umenewo."

Anaika diresi pampando n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko n'komwe.

Miyezi inayi yadutsa. Mkono sunabwererenso pa 11, ndimavala bandeji yothina ndipo ndimaluka mutu umodzi patsiku. Mashini ake ndimawamvabe kuchokera pa saluni.

Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndinamva, koma ndinachitseka, munthu wondikonda ataima panja. Ngati mukumva kupweteka, anzanga, nenani.

Diresi lija limandikwana bwinobwino, koma sindinalivalepo kupita nalo kulikonse.