Tsiku Lopumitsa Singano

Mayi Kuwabara amakhala pamwamba pa sitolo yathu ya tiyi, mumsika wofoleredwa wa kuno kwathu ku Osaka. Amasoka pamanja kimono, mikanjo yathu yachikhalidwe. Ntchito yolipidwa amaipeza mwa apo ndi apo, koma yosalipidwa siwathera. Wina thumba likabooka, mwana akatalika chovala chake n'kufupika, amakwera masitepe aja n'kunena kuti, “Azakhali, tandigwirirani apa pang'ono.” Potsika amasiya malalanje awiri, mwinanso osasiya kanthu.

Chaka chilichonse kukayamba kuzizira, amalonda a mumsikamu amakonza chionetsero cha zovala pofuna kukopa alendo odzaona mzinda. Amayala nsalu yofiira kuyambira pa ogulitsa nsomba mpaka pa sitolo ya mankhwala, ndipo ana athu omwe amayendapo atavala kimono za m'mabanja mwawo. Abambo amalankhula pa chimkuzamawu. Ife amayi timasita, kuveka, kumanga malamba, kenako kupinda zonse. Zong'ambika ndi zosakwana zimapita kwa Mayi Kuwabara, ndipo dzina lawo sindinalionepo pa chikwangwani.

Chaka chatha wapampando wathu, a Nishiura ogulitsa nsapato, anaika chionetserocho pa 8 Disembala chifukwa linali Lamlungu. Anaiwala kuti ndi tsiku lopumitsa singano, limene osoka sagwira ulusi. Atakumbutsidwa pamsonkhano anaseka, n'kufunsa ngati singano nazonso zili ndi bungwe loona za apantchito. Mayi Kuwabara anayankha kuti zikanakhala nalo, bwenzi buluku la a Nishiura likadali loyasama kumbuyo chiyambire chilimwe. Anthu anaseka, koma tsiku silinasinthe. Mayiwo anati amaliza zonse dzulo lake, ndipo patsikulo wina asayerekeze kuwagogodera.

Ine mwambowu ndinkangoumva. Ndinkafuna kudziwa chimene chimalimbitsa mtima chotero munthu wosadziwa kukana, choncho ndinapempha kuwaperekeza kukachisi. Tinanyamuka m'mawa pa sitima. Pabwalo la kachisiyo panali tofu wamkulu, chakudya chofewa cha soya, m'mbale yathabwa, amayi ali pamzere, aliyense akubayapo singano zake zotha ntchito. Mayi Kuwabara anamasula kapepala momwe munali zawo za chaka chonse, zina zopindika, zina zothyoka pa diso. Anazibaya imodziimodzi, akuweramitsa mutu. Anati zaboola zolimba moyo wawo wonse, zigoneko pofewa.

M'kachikwama kawo munatsala singano imodzi yopyapyala. Anandiuza kuti imeneyo idakali ndi mphamvu, ndiyo amasokera siliki wakale, ndipo chala chawo chinaizolowera kotero kuti amatha kusoka akuyang'ana kumbali.

Tili m'sitima pobwerera ndinawafunsa ngati amakhulupiriradi kuti singano imatopa.

“Za singano sindidziwa, Harue. Koma lero lokha ndi pamene ndinganene kuti ayi popanda wondiyesa woipa mtima.”

Tinafika kumsika masana, alendo atadzaza kale m'mbali mwa nsalu yofiira, mafoni ali m'mwamba. M'chipinda chovekera tinapeza amayi atazungulira Chisato, mwana wa a Hamaguchi ogulitsa nsomba. Mayi ake anali atamwalira chaka chomwecho maluwa akuyoyoka, ndipo iye anavala kimono ya mikono italiitali imene malemuwo anavala ali namwali. Potuluka anakoletsa mkono wa kimonoyo pa chogwirira cha chitseko, msoko wa kukhwapa n'kumasuka, nsalu yoyera ya m'kati ili poyera. Bambo ake, amene satseka sitolo ngakhale atadwala, anali atatseka, atakhala mpando wakutsogolo ndi chithunzi cha mkazi wawo pamiyendo.

Palibe wa ife akanalimba mtima kubaya siliki wakale chotero. Kumuvula ndi kumuvekanso, nthawi inali itatha. Tonse tinayang'ana Mayi Kuwabara, kenako tinayang'ana pansi. A Nishiura anasuzumira pakhomo atanyamula kachipangizo kolumikizira mapepala, akuti kangathandize.

“Mwamuyesa katoni ya nsapato mwanayu?” anawafunsa Mayi Kuwabara. “Tulukani, muno mukuvala akazi.”

Chisato anati asavutike, iye sayenda, akawauza bambo ake kuti wamva mutu. Ankalankhula akumwetulira mokakamiza. Mayi Kuwabara anaima osavula ngakhale jasi. Ndinkadziwa chimene akuyeza mumtima: akasoka lero kamodzi, msika wonse udziwa kuti tsikuli nalonso n'logogoda.

Anatsegula kachikwama kaja.

“Kweza mkono. Tsopano nena kuti wavula.”

Wosokeredwa chovala chili m'thupi ndi maliro okha, choncho wamoyo amayenera kunama pang'ono. Chisato ananong'ona kuti wavula.

“Iwe, ndi mawu amenewo umaitanira ogula nsomba? Kweza, tsoka limve.”

“Ndavula, ndavula, ndavula,” anatero Chisato, kuseka ndi misozi zitasakanikira.

Ndinagwira nsalu, iwo akusoka. Ndinali ndisanawaonepo pafupi chotero. Singano sinkaoneka n'komwe. Nsalu ndiyo inkangobwera yokha kudzakwera pa iyo. Atadula ulusi anasisita msoko ndi chikhadabo, n'kumukankha Chisato pamsana kuti azipita.

A Nishiura analowa akupukuta thukuta. Anathokoza kwambiri, kenako anati taonani, thambo silinagwe, chaka chamawa tingathe kuchitanso tsiku lomweli. Mayi Kuwabara sanakwiye. Anawaonetsa singano ija, yowongoka bwinobwino, n'kuikulunga m'kapepala kopanda kanthu kam'mawa kaja.

“Yagwira ntchito pa tsiku lake lopuma, ndiye yapumiratu. Ina yotere ndilibe. Kimono ya akazi anu imene munandisiyira ija idikira.”

Anamanga mpango m'khosi n'kudzera khomo lakumbuyo, kuti akafike kukachisi asanachotse mbale ija. Ndinafuna kuwatsatira, koma anandiuza kuti nditsale ndiwaonere. Mpamene ndinazindikira kuti zaka zonsezi sanaonepo chionetserocho. Nthawi yoyenda ana, iwo amakhala kuseri akudikira chong'ambika.

Chisato anayenda pang'onopang'ono, mikono ya chovala ikugwedezeka. Atafika pakati anatambasula manja kuti anthu aone maluwa a pansalu, ndipo ine maso anga anali pa msoko uja. Bambo ake anakweza chithunzi chija kufika pachifuwa, kuchilozetsa kumene kunali mwana wawo. Alendo anajambula osadziwa kanthu.

Madzulo, ndikutseka sitolo, Mayi Kuwabara anatulukira atanyamula mbatata yootcha m'pepala. Sanafunse za kuchuluka kwa anthu kapena ngati ana anaoneka bwino. Anafunsa ngati msoko unagwira. Nditavomera anandinyemera mbatata n'kukwera masitepe.

Kimono ya akazi a Nishiura inadikiradi mpaka kuzizira kutatha. Mayi Kuwabara anapita okha ku Kyoto kukasankha singano yatsopano, ndipo anati chala chawo sichinagwirizane nayo msanga. Ndinkawamva kumtunda akuikalipira ngati mwana wa sukulu.

Pamsonkhano wa chaka chino, a Nishiura asanatchule tsiku la chionetsero, anatembenuka n'kufunsa ngati pa 8 pali chovuta, ngakhale onse tinkadziwa yankho. Mayi Kuwabara anati achite pa 9 kapena pa 7, iwo alibe nazo kanthu. Anayankha osadzutsa mutu, chifukwa ankasokerera batani pa jasi la mlembi, amene anangowaikira pamiyendo polowa.