Mthunzi wa Zitenje za Kampanya

Sukulu ndinasiyira m'kalasi ya nona, yachisanu ndi chinayi, ndipo sindifuna mafunso pa zimenezo. Chiyambire pamenepo ntchito yanga ndi yonyamula katundu wa eni ake pa njinga, kuchokera pamalire kukafika kumsika wa Milange. Koma ndimaimbanso. Ndili ndi nyimbo zanga zisanu ndi imodzi, ndipo mpaka chaka chija amene anali atazimvapo ndi amayi ndi anzanga a njinga, anthu oseka chilichonse.

Amalume anga ali ndi chigayo komanso masipika anayi akuluakulu obwereketsa pa maukwati. Chaka chimenecho anaganiza zoitana bandi ina yotchuka ya ku Malawi kuti idzaimbe pabwalo la mpira, Loweruka masana. Kuno bandi imeneyi timaidziwa kuposa oimba a ku Maputo, poti wailesi zathu zimagwira za kutsidya. Ndinawanyengerera amalume milungu itatu yathunthu kuti nanenso ndidzaimbepo, mpaka anatopa nane.

"Nyimbo imodzi, bandi isanayambe," anatero. "Imodzi yokha, wamva? Koma siteji umanga ndiwe, ndipo uikepo mthunzi. Zida za anthu aja zisapse ndi dzuwa."

Panali chinthu chimodzi chimene aliyense ankachidziwa za bandiyi. Inali italengeza kuti sidzaimbanso pamalo alionse onunkha chipani, kaya kwawo kaya kwathu. Akuti chipani china chinkaliza nyimbo yawo pamisonkhano osawapempha, anthu n'kuyamba kuwanena kuti agulidwa. Inenso ndinkadziwa zimenezi. Kungoti mutu wanga wonse unali pa nyimbo yanga.

Lachisanu ndinamanga siteji ndi matabwa ndi migolo. Lona wotchingira dzuwa wa amalume anali atapita kumaliro ku Majaua ndipo sanabwerere. Ndinapita kwa amayi kukawadandaulira. Iwo anangotsegula sutikesi n'kutulutsa zitenje, kenako anazungulira kwa azimayi anzawo a kutchalitchi n'kubwera ndi zina. Zonse zinali za kampanya. Kwathu kuno chitenje cha chipani si chipani ayi, ndi chitenje basi. Amayi amalandira kwa aliyense wobwera ndi galimoto ndi chinkuzamawu. Amayanikapo ufa, amaberekera zidzukulu, china anatchingira pakhomo la bafa. Mukawafunsa kuti nkhope ili pamenepoyo ndi ya ndani, amayankha kuti, "Kukampu ya othawa nkhondo tinkafunda mabulangete olembedwa Chizungu, tinafunsa ndani kuti akuti chiyani?"

Ndinasoka zitenjezo ndi singano ya matumba, za zipani zitatu zosiyana, n'kuzikoka pamwamba ndi kumbuyo kwa siteji. Mthunzi unali wabwino, ndisaname. Anthu odutsa ankajambula ndi mafoni, ine n'kumanyada.

Loweruka pofika wani koloko bwalo linali litadzaza. Ena anapalasa njinga kuchokera ku Molumbo. Bandi inali isanafike, ndiye anthu anayamba zimene amatha: kutsutsana. Pafupi ndi ine panali wometa wa pamsika, munthu amene waonera konsati iliyonse padziko lapansi mukamumvera, ndi aphunzitsi anga akale a masamu, amene mpaka lero amandiyang'ana ngati samu yolakwika.

"Ine anthu awa ndinawaonera ku Limbe," anatero wometa. "Aise, wa ng'oma uja! Anathyola ndodo ziwiri, yachitatu anaponyera ife."

"Chaka chatha unati unawaonera ku Zomba," wina anamudula.

"Nanga munthu saonera kawiri?"

"Chimene ndimawalemekezera ine si ng'oma," anatero aphunzitsi. "Ndi mfundo. Woimba akakana kudya za andale, ameneyo ndi munthu."

"Mfundo amavina, aphunzitsi? Woimba aziimba. Ine ndikamameta sindifunsa kuti mutu uwu wavotera ndani."

"N'chifukwa chake umameta mokhota."

Anthu anaseka. Mayi wina wogulitsa mandasi anati iye alibe nazo ntchito, bola ayambe msanga mafuta asanazizire m'mandasimo. Wometa anayamba kufotokoza za woimba wina amene anabwera ndi kompyuta yokha n'kumangoyasamula pakamwa nyimbo ikudziimba yokha, akuti ameneyo ndiye woyenera kunyanyalidwa. Aphunzitsi anati nkhani ziwirizi n'zosiyana. Anakokana choncho ola lathunthu, onsewo atakhala moyang'ana zitenje zanga, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona cholakwika. Ngakhale a mfundo aja.

Kenako ndinaona amalume akubwera chothamanga, foni ili m'manja.

"Iwe! Wamanga chiyani apa?"

"Mthunzi, amalume. Si munanena ndinu?"

"Ndinati mthunzi, sindinati msonkhano wa chipani! Anthu aja aima pa Muloza. Akana kuwoloka. Wina wawatumizira chithunzi."

Nkhaniyo inayenda m'bwalomo ngati moto wa m'tchire. Aphunzitsi anatembenuka n'kuyang'ana siteji ngati akuiona koyamba.

"Mwaonatu," anatero. "Kuipa kosiyira sukulu panjira."

"Inu munamaliza," ndinawayankha, "ndipo mwakhala mukuziyang'ana chiyambire wani koloko."

Sindinadikire yankho. Ndinakwera pamigolo n'kuzula zitenje zonse, zina zinang'ambika. Ndinauza amalume kuti ajambule siteji yopanda kanthu atumize. Ine ndinatenga njinga n'kupalasa kulowera kumalire. Apolisi a pamenepo amandidziwa, ndimadutsa tsiku ndi tsiku ndi matumba a anthu, ndiye anangondikodola kuti pita.

Minibasi yawo ndinaipeza pansi pa mtengo, magitala ali m'mabokosi padenga. Mtsogoleri wa bandi, bambo wa imvi m'ndevu amene ndinkangomuona pa foni, anali atakhala pamwala akudya chinanazi. Ndinatsika njinga ndili wefuwefu.

"Bambo, siteji ija ndinamanga ndine. Palibe chipani chilichonse. Ndi zitenje za amayi anga."

Anandionetsa chithunzicho. Wojambulayo anatenga pakati pokha, pamene ndinalumikiza zitenje zitatu zofanana. Nkhope imodzimodziyo katatu, ikumwetulira pamwamba pa masipika a amalume.

"Kumbaliku kunali za zipani zina ziwiri," ndinatero. "Ndipo ndachotsa zonse. Onani chithunzi chatsopano."

"Ndachiona, mphwanga. Ndipo ndikukukhulupirira. Amayi anganso amayanika ufa pa zomwezi."

"Ndiye tiyeni! Anthu adzaza bwalo."

"Chithunzi choyambachi chafika kale ku Blantyre ndi ku Lilongwe. M'mawa uno anthu anayi andiimbira kundifunsa kuti tagulidwa zingati. Ndikakwera siteji imeneyo lero, mawa adzaika chithunzi changa pambali pa ichi. Ndani adzafunse za amayi ako?"

"Ndiye anthu a ku Molumbo apalasa njinga kuyambira m'mamawa chifukwa cha anthu a ku Lilongwe amene sadziwa n'komwe kuti Molumbo ili kuti?"

"Tinalonjeza poyera. Tikaswa kamodzi, basi."

Apa mtima unandikwera. Ndinaiwala kuti ndikulankhula ndi munthu wamkulu.

"Inu mukabwerera, mawa mukaimba kwina. Lonjezo lanulo silikupwetekani inu, likupweteka ife. Ine ndinapatsidwa nyimbo imodzi. Imodzi! Milungu itatu ndikupempha. Amalume sadzaitananso bandi, ndipo sadzandipatsanso maikolofoni ngakhale pa ukwati."

Wa ng'oma, amene anali chigonere m'minibasi, anadzuka n'kusuzumira pawindo. Mtsogoleri uja anapukuta manja pa thalauza.

"Umaimba?"

"Nanga ndanena kuti ndimalima?"

"Imba pano."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Malole ali pamzere injini zikulira, osintha ndalama akukuwa, anzanga a njinga atatu atayandikira kale, mano ali pamtunda. Ndinafuna kukana. Koma ndinali nditaiyeseza nyimboyo mwezi wathunthu, ndipo inali itafika pakhosi. Ndinaimba choimirira, dzanja limodzi litagwira njinga. Ndi nyimbo ya munthu amene amanyamula mitolo ya zovala tsiku lonse koma malaya ake ndi amodzi. Pofika pa kolasi wa ng'oma anayamba kugogoda chitseko cha minibasi ndi zala, ndipo anzanga aja anasiya kuseka. Lole ina inaliza hutala pakati pa ndime yachiwiri, ine osasiya.

Nditamaliza, mtsogoleriyo anadzuka pamwala paja.

"Kolasi ndi yabwino," anatero. "Ndime yachiwiri yatalika. Ukunena kawiri chimene wanena kale. Dula theka."

"Basi?"

"Basi. Umafuna ndikunamize?"

Anakwera minibasi, anatembenuza, n'kulowera njira ya ku Mulanje. Sanandipatse nambala, sananditenge chithunzi, sanati tidzaonana.

Nditabwerera ndinapeza bwalo latsala ndi mapepala ndi makoko a nzimbe. Wometa anali akadali pomwepo, akuuza anthu awiri kuti iye anadziwiratu kuti sabwera, poti ku Limbe anachitanso chimodzimodzi. Aphunzitsi ankati mbiri idzawaweruza bwino anyamata aja. Amalume ankakweza masipika pa ngolo, ndipo nditafuna kugwira mbali imodzi anandichotsa dzanja. Anatha miyezi iwiri osandiyankhula.

Mpaka lero ndikamva nyimbo za bandi ija pa wailesi ndimasintha siteshoni. Ndimaonabe kuti anatilakwira, ndipo aliyense wofuna kundiuza za mfundo ayambe wapalasa njinga kuchokera ku Molumbo. Koma ndime yachiwiri ija ndinakhala nayo pansi mlungu wotsatira, ndikufuna kudzitsimikizira kuti mdala uja sankadziwa chimene ankanena. Ndinaidula theka. Nyimboyo inakoma, ndipo zimenezo zinandinyansa kwambiri.